Mbalame za M'kati mwa Bango

Mkazi wanga.

Tsitsi langa, limene anandimeta m'mawa wotsatira maliro.

Munthu woyendetsa bwato.

Chifukwa chokhalira m'mudzi umene ndinamangamo nyumba.

Mitundu isanu ndi inayi ya mbalame.

Zonsezi ndinazitaya. Zinazo aliyense angazimve. Za mbalamezo ndiyenera kufotokoza.

Ndinabadwira ku Insaca makolo anga atangobwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Ndinaphunzira za nkhalango ndi nyama zakutchire ku institutu ku Lichinga, ndipo nditamaliza ndinakhala chaka chathunthu pakhonde la amayi ndikudikira ntchito. Imene inapezeka inali yaing'ono. Bungwe lina losamala zachilengedwe linkafuna munthu wowerenga mbalame m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, pa dambo lina limene midzi itatu inagwirizana kulipatula. M'kati mwa malirewo munalibe kutchera ulimbo kapena makhwekhwe, kutola mazira, ngakhale kutentha bango. Malire ake anali mitengo yozika m'madzi, yopakidwa laimu kunsonga. Anandipatsa binokulu, buku la zithunzi za mbalame la Chipwitikizi, ndi mulu wa mafisha, mapepala olembapo mtundu wa mbalame ndi kuchuluka kwake. Kawiri pa mwezi ndinkayenera kuzungulira dambolo ndi kutumiza zimene ndapeza ku ofesi ku Cuamba.

Mlonda wa dambolo anali mkulu wina amene anakhala akutchera mbalame moyo wake wonse. Mudzi unasankha iwo chifukwa palibe msampha umene akanaudutsa osauona. Tsiku loyamba phewa linkawapweteka, ndiye anatuma mwana wa mlongo wawo kuti andiyendetse pa bwato. Anali mtsikana wamtali, wosamwetulira msanga. Tinalowa m'kanjira ka m'bango, ine kutsogolo ndi binokulu wanga, iye kumbuyo ndi mtengo wokankhira bwato.

"Mwalemba zingati, a tekiniku?" anandifunsa titaima, akunditchula monga amatchulira kuno munthu wophunzira ntchito.

"Akakowa asanu ndi nkhwazi imodzi."

"Basi? Nanga awa akukangana kumbuyo kwanuwa?"

Ndinatembenuka. Bango lokhalokha.

"Sindikuona kanthu."

"Wati muone ndani?"

Tinakwatirana patatha chaka. Ndinapita chikamwini monga amachitira aliyense kuno, ndikumanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi. Amayi anga sanabise maganizo awo. "Shikola yonse ija, maphunziro onse aja," anatero, "kukathera m'matope, ukamwini." Koma pa ukwati anavina.

Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali kotere. Tinkanyamuka mphepo isanadzuke. Dambolo lili ndi malo asanu ndi awiri oimapo, ndipo paliponse tinkakhala chete kwa mphindi khumi. Ine ndinkawerenga zooneka: atsekwe, avuwo akabwera, adokowe, zipiyo zouluka m'magulu zikuimba mluzu, nantchengwa ali yekha pa chitsa. Iye ankawerenga zosaoneka. M'kati mwa bango ndi njedza muli mbalame zimene munthu angakhale chaka osaziona, zoyenda pa masamba a m'madzi ndi kubisala bwato likadali kutali. Nthutuwiri, nadititi, ndi tina ting'onoting'ono timene dzina lake ankalidziwa m'Chiyao mokha. Ankapendeketsa mutu, kukamwa kuli kotseguka pang'ono, kenaka n'kundigunda pamsana ndi chala cha kuphazi. Ndikatembenuka ankanong'ona dzina ndi kuonetsa zala. Madzulo kunyumba tinkatsegula buku, iye n'kuloza chithunzi, ine n'kukopera dzina lachilatini.

Pamwamba pa fisha iliyonse pali mzere wolembapo dzina la wowerenga. Kwa zaka zitatu ndinkalembapo langa lokha. Sindinachite mwadala. Amene analembedwa ntchito ndinali ine, ndipo mzerewo ndi waufupi. Tsiku lina, mwana wathu wamkazi ali kumsana, anasuzumira pa pepala.

"Nanga ine ndili pati pamenepa?"

"Muli m'manambala onsewa," ndinatero.

"Mwandibisa m'bango ngati nadititi," anayankha, ndipo anaseka. Nanenso ndinaseka.

Mkazi wanga anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati, ndi malungo. Mwana anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi.

Mwambo wa kuno ndi womveka bwino, ndipo ndinkaudziwa ndisanakwatire. Mkamwini akaferedwa sachoka m'mudzi mpaka abale a mkazi amusudzule, ndiko kuti akhale pansi ndi abale ake n'kunena kuti wamasuka. Asanatero sagona kwina, sayang'ana mkazi wina. Akasudzulidwa amanyamula zake n'kubwerera kwawo. Ana satsagana naye. Ana ndi a mbumba ya mayi wawo, ndipo mwini mbumba ndi malume. Kwa ife mwini mbumba anali mlonda wa dambo uja.

Choncho ndinali pakati pa zinthu ziwiri. Pokhala wosasudzulidwa ndinali womangika m'mudzi umene sindinalinso ndi malo, koma mwana ankagona m'nyumba mwanga. Tsiku londimasula likanakhala tsiku lomusiya.

Mkamwini ndi apongozi aakazi sakhala pa mkeka umodzi, sayang'anana m'maso. Kale mawu onse ankadutsira mwa mkazi wanga. Tsopano panalibe podutsira. Apongozi anayamba kulankhula ndi mwana, mokweza, ine ndili chapafupi.

"Iwe, kawauze abambo ako kuti madzi ali kubafa."

Mwana ankangowayang'ana, chala chili m'kamwa.

"Uwauze agogo ako kuti ndathokoza," ndinkayankha ine.

Tinakhala choncho miyezi inayi, anthu awiri akuluakulu olira munthu mmodzi, tikulankhulana kudzera mwa khanda lodziwa mawu makumi awiri okha.

Ntchito sindinasiye. Ndinkapita ndekha. Kukankha bwato ndinkatha mwa apo ndi apo, ndipo pofika pa malo oimapo manja ankanjenjemera moti binokulu sankakhazikika. Ndinkawerenga zimene ndaona. Bango linkalira mbali zonse monga kale, koma kwa ine linali phokoso chabe, ngati msika wa anthu a chilankhulo china. Zimene sindinazizindikire sindinalembe. Ku institutu anatiphunzitsa kuti chimene sunatsimikize usalembe.

Mu Juni kunabwera mayi wina wa ku ofesi pa mota, njinga yamoto. Anali munthu waulemu, anayamba wapepesa maliro. Kenaka anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango wa pa bwalo, natulutsa pepala. Anati kuyambira mu Febuluwale mitundu isanu ndi inayi yasowa m'mafisha. Yonseyo ndi ya m'kati mwa bango, ndipo yambiri ndi imene anthu amatchera n'kukagulitsa yowamba. Mbalame zouluka poyera zilipo monga kale. Ku ofesi anaona kuti tanthauzo lake ndi limodzi: misampha yabwerera m'dambo, ndipo mlonda mwina akugona, mwina akudya nawo.

Anthu anang'ung'udza. Amalume, mlonda uja, anaimirira pang'onopang'ono.

"Makhwekhwe anga ndinawatentha pabwalo pompano, anthu awa akuona," anatero. "Ulimbo ndinataya m'chimbudzi. Lero ndadzakhala wakuba mazira?"

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Akamwini, olemba ndinu. Mbalame zanga mwazipititsa kuti?"

Yankho ndinali nalo. Linandifikira mayi uja atangotchula mwezi. Koma kulinena kunali kuvomera pamaso pa midzi itatu kuti theka la ntchito imene ankanditchulira a tekiniku sindinkaigwira ine. Ndipo ntchitoyo ndi yokhayo imene inatsala yondipatsa nkhope m'mudzimo. Ndinaganiza kuti akandichotsa, palibenso chimene chingachedwetse kusudzula. Ndinayang'ana pansi. Ndinati ndimalemba zimene ndapeza.

Sizinali zabodza, ndipo zimenezo n'zimene zimandichititsa manyazi kwambiri. Msonkhano unatha atagwirizana kuti mwezi wotsatira midzi isankhe mlonda wina.

M'mawa mwake ndinamva kutsokomola pakhomo. Anali amalume, mtengo wa bwato uli paphewa.

"Tengani mapepala anuwo."

"Lero si tsiku lowerenga, amalume."

"Mbalame zili ndi kalendala? Tiyeni."

Tinafika pa malo oyamba oimapo. Anazika mtengo m'matope, bwato linaima. Kunali kozizira, nkhungu ili pamadzi. Tinakhala chete. Patapita kanthawi anayamba, osakweza mawu.

"Nthutuwiri atatu, kumanzere. Wachinayi ali kutali, ndi wamng'ono. Nadititi awiri. Uyo akugubuduka ngati madzi otuluka m'botoloyo ndi mkuta, ameneyo ngakhale inu mukumudziwa. Lembani, mukundiyang'aniranji?"

Ndinalemba. Pofika pa malo achinayi, mitundu isanu ndi iwiri mwa isanu ndi inayi ija inali pa pepala.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Dzulo lomwe. Mukuganiza anamuphunzitsa ndani mwana ameneyo, mkazi wanu uja? Ndinkamutenga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kukaonjola misampha. Ankandiuza kumene kuli nadititi ine ndisanamve. Makutu amenewo ndi a kwathu." Anatunga madzi ndi dzanja, nasukusula kumaso. "Ndinkafuna munene ndinu. Ndikananena ine, akanati nkhalamba ikudziteteza."

"Ndinalakwa."

"Munalakwa. Koma ndakhalapo ndi akamwini oposa pamenepa. Wina anandigulitsira ukonde ine ndili ku maliro."

Anazula mtengo, tinasuntha. Pa malo achisanu ndi pamene ananena chimene ndinkachiopa.

"Mpunga tapuntha, anthu apuma. Tumizani mawu kwa amayi anu ndi amalume anu. Mwezi ukubwerawu tikusudzulani."

"Musandisudzule."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Anzanu amabwera ndi nkhuku kudzapempha kuti tiwamasule. Inu mukupempha chingwe?"

"Mwana, amalume."

"Mwana ndi wa mbumba. Pokwatira sanakuuzeni?"

"Malamulo a boma amati bambo..."

"Ndikudziwa zimene amanena. Pitani ku tiribunali, kukhoti, mukapambana, simuli munthu woipa. Ndiye mukamutenga mukamusiya ndi yani popita ku ntchito? Akadwala adzam'bereka ndani? Manda a mayi ake ali apa, mtundu wake wonse uli apa. Khomo la bambo sititseka. Bwerani m'mawa, bwerani masana. Akafika pa msinkhu wa shikola tidzakhalanso pansi. Koma mwamuna wa zaka zanu, wopanda mkazi, sagona m'mudzi wa eni mpaka kalekale. Anthu ayamba kale kuwerenga atsikana amene amadutsa pakhomo panu popita kumadzi. Ndiponso mlongo wanga watopa kulankhula ndi khanda."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndikanakonda akanakhala munthu wankhanza, ndikanadziwa pomenyera.

Tsiku lomwelo ndinalemba kalata yopita ku ofesi. Ndinafotokoza kuti mbalame sizinasowe, anasowa ndi munthu amene ankazimva. Ndinatulutsa makope a mafisha onse a zaka zitatu amene ndinkasunga m'chikwama cha pulasitiki, ndipo pa lililonse, pamwamba pa dzina langa, ndinalemba lake. Malo anali ochepa, ndinalemba tizilembo tating'ono. Zinanditengera masana onse. Mwana anakhala pambali panga akukhwatcha pa pepala lotsala.

Ofesi inayankha mwaulemu kuposa mmene ndinkayenerera. Amalume anakhalabe mlonda. Ine anandisiya pa ntchito, koma anati mlonda azikwera nawo bwato ndipo mayina azikhala awiri. Mayi uja anandiimbiranso foni payekha. Anati ku malo aakulu osungirako nyama kumpoto kwa Niassa akufuna munthu wa maphunziro ngati anga, woyenda ndi alendo oonera mbalame. Kuli nyumba, kuli galimoto, kuli mitundu ya mbalame imene ndinangoiona m'buku. Anati wandilembera kale kalata yondiyamikira. Ndinafunsa kutalika kwake. Anati nyengo yabwino ndi ulendo wa masiku awiri.

Kusudzula sikunatenge ngakhale ola limodzi. Amayi ndi amalume anga anabwera pa shapa, minibasi ya kuno, mpaka pamene msewu umathera, kotsalako pa njinga. Anayala mikeka iwiri, wina wa iwo, wina wa ife. Amalume a mkazi wanga analankhula mwachidule. Anati ndinabwera bwino, ndinakhala bwino, ndinaika mwana wawo m'manda ndi manja anga, palibe mlandu. Anati kuyambira lero ndine mfulu, ndikapeza mkazi iwo adzabwera kudzavina. Akazi anaomba m'manja motsitsa. Apongozi anali kumbuyo kwa onse, mwana ali pamiyendo pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni anandiyang'ana kumaso.

Ndinamanga pa njinga zovala, buku, binokulu ndi chikwama cha mafisha. Nyumba ndi ya mwana. Amayi ankayesa kuti tibwerera limodzi ku Insaca. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera shapa, ndipo atakhala pansi ndinawauza kudzera pawindo kuti ine nditsala.

"Utsala kuti? Akumasula, mwanawe. Sunamve?"

"Ndamva, amayi."

Ndinapeza kachipinda pa doko la asodzi, kuseri kwa matandala oyanikapo nsomba. Zovala zanga zonse zimanunkha matemba. Kuchoka pamenepo kukafika kumudzi ndi theka la ola wapansi. Ndimapita m'mawa uliwonse. Ndimaodira pakhomo la nyumba imene ndinafolera ndekha, amandipatsa mpando panja ngati mlendo, mwana amabwera, ndimam'dyetsa phala. Kenaka ndimabwerera.

Kalata yondiitana kumpoto inabwera, ili m'buku la mbalame. Tsiku lomaliza loyankha linadutsa. Mayi wa ku ofesi anati malowo amatseguka chaka ndi chaka, ndisataye mtima. Anzanga a ku institutu akaimba foni amaseka, amati mbalame za ku Chiuta zinandidyetsa mankhwala. Ndimawasiya aziganiza choncho.

Kumva ndikuphunzira. Amalume si mphunzitsi wofatsa. "Chimenecho ndi chule, a tekiniku," amatero. "Lembani chule, ku Cuamba akasangalale." Mwa mitundu isanu ndi inayi ija, inayi ndimaizindikira tsopano popanda wondiuza. Nthawi zina pa malo oimapo, tikakhala chete, msana wanga umadikira kugundidwa. Amalume sagunda munthu, amangolankhula.

Sabata yatha unyolo wa njinga ya mnzanga wina unaduka panjira, ndinaima kumuthandiza, ndipo ndinafika kumudzi dzuwa litakwera. Mwana anali atakhala pa mkeka ndi ana a azakhali ake, pakamwa pali phala. Apongozi, amene tsopano amatha kundilankhula mwachindunji koma chizolowezi sichinawachoke, anati kwa iye: "Awonetse abambo ako mbale." Anandionetsa. Inali yopanda kanthu. Anadya yekha, ndi supuni yake, ndipo anafuna china. Ndinamuyamikira. Apongozi anati masiku ambiri amadyanso kachiwiri ine nditachoka, kwa aliyense amene wam'patsa.

Choncho ndikudziwa kuti sakufa ndi njala ndikapanda kubwera. Ndikudziwa kuti ali ndi anthu. Ndikudziwa kuti bambo wa ntchito yabwino kutali angam'thandize kuposa bambo wonunkha matemba pafupi. Ndinaphunzira mokwanira kuti zimenezi ndizione. M'mawa mwake ndinadzukabe nthawi yomweyo n'kuyamba ulendo.

Sindinauzepo munthu za m'mawa wa tsiku limene ndinapita ku dambo ndekha koyamba. Mkazi wanga anali atatentha thupi masiku awiri. Anali atamwa mapiritsi, ndipo tsikulo anadzuka akuti akupezako bwino, mutu wokha. Mwana nayenso anali ndi chimfine, akuvuta kudya. Linali tsiku lowerenga. Ndinati ndisapite. Iye anati mvula yakata, ndikadikira mawa ibweranso. Anatulutsa mkeka pakhomo n'kugona chammbali, atafunda chitenje mpaka m'khosi, mwana atatsamira pamimba pake.

Nditabwerako masana ndinapeza anthu pakhomo. Mkazi wanga sankalankhulanso. Tinamunyamula pa mota m'matope mpaka kuchipatala ku Insaca, ine nditamugwira kumbuyo. Anamwino anachita zimene akanatha. Iye anakhala tsiku limodzi ndi theka osatsegula pakamwa.

M'mawa uja, nditanyamula mtengo wa bwato n'kufika pa mpanda, anandiitana. Sanadzutse mutu.

"Bambo ake, pitani, koma musachedwe. Mwanayu phala sakudya kwa munthu wina, akufuna inu."